Khoma Lodwala la ku Clondalkin

"Uwauze bambo a Tisu kuti kanthu kameneko sikagona m'nyumba muno."

ANagama ankalankhula atayang'ana kusinki, chonsecho mkamwini wawoyo anali pomwepo, pampando wa kukhomo, akumasula zingwe za nsapato za kuntchito. Nyumbayo inali ya zipinda ziwiri, pamwamba pa shopu yotsekedwa ku Clondalkin, kudziko la azungu, ndipo munalibe kothawira mpongozi. Ulemu umene unatsala unali womwewo, wolankhulana kudzera mwa Lois, mwana wawo, mayi wa Tisungane.

"Amva okha, amayi. Makutu ali nawo."

"Ndati uwauze."

Lois anausa moyo. "Akuti kanthuko sikagona muno."

"Nawe uwauze amayi," anatero Tarsizio maso ali pansi, "kuti amene wasaina pepala si ine. Ine ndinali ku eyapoti ndikukolopa. Wasaina ndi iweyo."

Kanthu kokanganirako kanali patebulo. Kanali kabokosi koyera, kukula kwake ngati sopo wochapira, ndipo kanali ndi kadiso kobiriwira komwe kankaphethira mosalekeza. Anali atabwera nako masana anthu atatu akafukufuku: dokotala wa zifuwa za ana dzina lake Orla, mayi wina wodziwa malamulo a nyumba za lendi dzina lake Maureen, ndi injiniya wa ku Zambia, Wilkins. Ankayenda m'nyumba za ana onse amene mphumu inkawabweza kuchipatala pafupipafupi, kuti aone ngati matendawo akuchokera m'makoma.

"Amayi, Tisungane wagonekedwa kanayi kuchokera Novembala," anatero Lois. "Kanayi. Mwana wa zaka six. Kabokosika kamangoyeza chinyontho ndi mpweya, basi."

"Basi? Sunamve zimene wanena mnyamata wa ku Zambia uja? Ine ndamva ndi makutu angawa. Wati, ambuya, aka kamaziba vonse, ngakhale anthu angati akupuma m'chipinda."

"Amangoseka nanu."

"Munthu akamaseka ndi pamene amanena zoona. Tandiuza, pa pepala la lendi pali mayina angati?"

ANagama anadziyankha okha.

"Atatu. Iwe, bambo a Tisu ndi Tisu. Dzina langa lilipo? Ndiye kakawerenga mphuno zinayi, kakauza ndani? Kakauza akhonsolo, akhonsolo akauza landilodi, landilodi atiponyera zikwama pamsewu. Khoswe wapatsindwi adaulula wapadzala, mwana wanga. Anzathu a kutchalitchi aja, a Ambrosio, anadandaula za hita yotenthetsera nyumba yokha. Lero ali kuti? Ali ku hotela, anthu asanu chipinda chimodzi, chakudya akutenthetsera m'ketulo."

"Nanga tizingoyang'ana mwana akubanika?"

"Kwa eni uyenda umaweteka. Chifuwa chimapola. Denga likapita silibwerera."

Tarsizio anayamba kuyankhula ndi nsapato yake. "Uwauze amayi kuti pa zadengazo sakunama. Sabata yatha ndinaona mzere wa anthu oonera nyumba imodzi, unakhota mpaka pa sitolo ya mankhwala. Koma uwauzenso kuti mbewa ya manyazi inafera kuuna."

"Uwauze kuti mbewa yotuluka masana ndi imene kabawi amadya."

Kuchipinda kunamveka kutsokomola, kouma, kotsatizana, kenako kakulira kaja ka m'chifuwa konga ka mwana wa mphaka. Onse atatu anatchera khutu. Kutaleka, Lois ananyamula kabokosiko n'kukakaika pamwamba pa wadirobu m'chipinda chimene Tisungane ankagona ndi agogo ake, pamalo pomwe Wilkins analoza.

"Kakhala pamenepa masabata anayi," anatero. "Aliyense asakakhudze."

ANagama sanatsutse. Nkhalamba ikasiya kutsutsa msanga, m'pamene ana ayenera kuchenjera.

M'mawa mwake Lois anakwera basi ya ku Blanchardstown, kumene ankasamalira okalamba. Tarsizio anali atapita kale. ANagama anaperekeza Tisungane kusukulu, anabwerera, anakhoma chitseko, n'kukwera pampando. Sanafune kukaswa kabokosiko, chifukwa chinthu cha eni saswa. Sanafunenso kukatulutsa panja, poti anansi ali ndi maso. Anakakulunga m'chitenje chakale kuti kadisoko kasaone, n'kukalowetsa m'kabati ya m'kanjira, momwe munali thanki ya madzi otentha ndi matawulo. M'nyumba yonseyo malo ouma ndi ofunda anali amenewo okha, ndipo simunkapuma munthu.

Pamwamba pa wadirobu panali patali, ndipo anthu obwera kuntchito atatopa sayang'ana m'mwamba. Lamlungu lokha, Lois akakhala panyumba, ndi pamene kabokosiko kankabwerera pamalo pake.

Patatha masabata awiri, Wilkins ndi Maureen anatumiza uthenga kuti abwera Lachisanu masana. ANagama anayamba ntchito Lachinayi. Kwawo mlendo saonetsedwa nyansi za m'nyumba, ndipo iwo sanafune kuti azungu akanene kuti Amalawi ndi auve. Chuku chakuda chimene chinkamera m'mbali mwa windo ndi pakona ya siling'i anachipala ndi bulashi, n'kupukuta ndi jiki mpaka khoma linayera. Pamene panakana kuyera anapachikapo kalendala ya ku parishi. Makatani onunkha chinyontho anawachapa. Wadirobu yokha ndi imene sanaisunthe, poti mlendo wanzeru sasuzumira kuseri kwa katundu wa eni.

Lois ndi Tarsizio anali kuntchito, choncho alendowo analandiridwa ndi aNagama. Anawaphikira tiyi ndi mandasi.

"Ambuya, nyumba yanu yowala monga chipatala!" anatero Wilkins.

"Timayesetsa, bambo."

Maureen anatulutsa pepala la mafunso, Wilkins n'kumatanthauzira.

"Akuti, mumaona madontho akuda m'makoma?"

"Onani nokha."

"Zovala zimauma bwino m'nyumba muno?"

"Zimauma."

"Landilodi mukamuuza chinthu, amakonza?"

"Ndi munthu wabwino kwambiri. Mulungu amudalitse."

"Pali chilichonse chimene chimakudetsani nkhawa pa nyumbayi?"

"Tili bwino, bambo. Kaya inu anzathu."

Maureen ankangochonga. Wilkins analowa kuchipinda, anapeza kabokosi kali pamalo pake poti aNagama anali atangokabwezera, analumikiza ku kompyuta yake, anajambula makoma oyerawo, n'kutuluka akutafuna mandasi. Potsazika anafunsa ngati ambuya amakhala pomwepo.

"Ine ndi mlendo," anatero aNagama msangamsanga. "Mlendo ndi mame."

Lachitatu lotsatira Lois anabwera kuchokera ku kiliniki ya Tisungane nkhope itagwa. Anaponya chikwama pasofa osavula jekete.

"Akuti nyumba yathu ilibe vuto."

"Si ndinanena?" anatero aNagama.

"Amayi, musasangalale. Wilkins akuti mwa nyumba zonse zimene ayeza, yathu ndiyo youma kuposa zonse. Maureen akuti sangalembe kalata ku khonsolo popanda dandaulo, ndipo inu munati zonse zili bwino. Ndiye dokotala wayamba kundifunsa ine. Kodi bambo ake amasuta? Kodi muli ndi mphaka? Kodi inhela mumampatsa nthawi yake? Ine, amayi, amene ndimapatsa mankhwala nkhalamba twenty tsiku lililonse, lero ndikufunsidwa ngati ndimadziwa kupopera mwana wanga!"

"Uwauze amayi," anatero Tarsizio, "kuti ine fodya sindinamulaweko chibadwire."

"Ndipo atatuwo akangana pamaso panga," anapitiriza Lois. "Dokotala akuti chifuwa cha mwanayu ndi cha nyumba yonyowa, iye wamvetsera zifuwa zambiri. Wilkins akuti makina sanama. Maureen akuti iye amayendera zolembedwa. Aliyense wagwira pepala lake ngati Baibulo. Pomaliza agwirizana kuti abwere onse pamodzi Lolemba, adzaone ndi maso. Akapanda kupeza kanthu, atichotsa m'kafukufukuyu."

Anatembenuka kuyang'ana pakona ya siling'i. "Chuku chija chapita kuti?"

"Ndinapukuta. Umafuna alendo adzamwe tiyi akuyang'ana zimenezo?"

"Amayi! Chimene akufuna kuona n'chomwecho!"

"Munthu savula pamsika chifukwa sing'anga wadutsa. Iwe unabadwa dzulo. Anthu amenewa akalemba, amapita kwawo kukagona m'nyumba zawo. Otsala ndi landilodi ndife."

"Lolemba musakhudze khoma. Mwamva? Musakhudze."

"Ndamva."

Koma chuku sichidikira. Pofika Loweruka chinali chitabwereranso, chakuda kuposa kale, chikutsika kuchokera pawindo ngati mapazi a nyerere. ANagama anachiyang'ana Loweruka lonse ndi Lamlungu lonse. Lolemba m'mawa Lois atapita, Tisungane anatsala panyumba chifukwa anadzuka ndi chimfine. Tarsizio, amene shifiti yake inali yamadzulo, anagona kuchipinda china. Alendo ankabwera two koloko.

ANagama anatseka mawindo onse kuti mphepo isalowe pa mwana wachimfine. Anathira jiki m'ndowa osasungunula ndi madzi, kuti ntchito ithe msanga, n'kuyamba kupala. Tisungane anali pabedi pomwepo akujambula. Fungolo linadzaza chipinda mpaka maso a aNagama anayamba kutuluka misozi, koma iwo anati ndiye kuti mankhwala akugwira.

"Gogo, it's stinging," anatero mwanayo.

"Pirira, ndatsala pang'ono."

Anapala mbali ya windo, anapala pakona. Atatembenuka kuti aviikenso bulashi, anaona pensulo ili pansi. Tisungane anali atakhala tsonga, mapewa akukwera ndi kutsika, pakhosi pakulowa m'kati akamakoka mpweya. Kakulira ka m'chifuwa kaja kanalibe. Milomo inali itayamba kuda.

Anampopera inhela kawiri, katatu. Sizinathandize. Manambala a foni sankawadziwa. Kwa zaka zisanu ndi zitatu aNagama anali asanaponde pakhomo la chipinda cha mkamwini wawo, ngakhale kumutchula dzina. Tsiku limenelo anakankha chitseko ndi phewa, anamugwira mwendo n'kumukoka.

"Tarsizio! Tarsizio, dzuka! Mwana akufa!"

Tarsizio anathamanga ndi kabudula wogonera, ananyamula mwana kutuluka naye pa masitepe pomwe panali mpweya, uku akuimba foni. Ambulansi inafika mwachangu. Anthu ake atalowa anayamba ndi kutsegula mawindo, mmodzi akutsokomola. Pamene ankatsika ndi mwanayo, Tarsizio anatembenuka n'kuyang'ana apongozi ake m'maso koyamba.

"Amayi, mwathira chiyani m'chipindamo?"

ANagama anangoloza ndowa.

Tisungane anakhala masiku atatu pa okosijeni. Lois sanabwere kunyumba masiku onsewo, ndipo foni ikalira ankalankhula ndi mwamuna wake yekha. Palibe anakalipira aNagama. Iwo akanakonda kukalipiridwa. Ankakhala pasofa manja ali pamiyendo, kolona ili m'manja koma osaiwerenga.

Lachisanu mwana akadali kuchipatala, ngakhale anali atayamba kudya, atatu aja anabwera ndi Lois. ANagama anadzuka kuti ateleke tiyi.

"Khalani pansi, amayi," anatero Lois. "Lero kulibe tiyi."

Anakhala mozungulira tebulo. Dokotala Orla anayala mapepala ake, Wilkins anatsegula kompyuta, Maureen anaika pepala la mafunso lija pakati. Wilkins ndiye anayamba, ndipo ulendo uno sankaseka.

"Ambuya, dzulo tinakhala pansi atatu, tinaika mapepala athu pamodzi. Poyamba aliyense anali kuyang'ana lake chabe. Manje onani. Mzere uwu ndi wa chinyontho. Lolemba mpaka Loweruka wagona pansi, osagwedezeka, usana ndi usiku chimodzimodzi. Ine ndinati nyumba yabwino. Adokotala ndiwo anandifunsa kuti, chipinda chogona mwana wotsokomola chingakhale bwanji chopanda mpweya wa munthu? Ndinayang'ananso. Zoona, kabokosi sikanamve munthu akupuma. Koma pa Sande mzere walumpha mpaka kumwamba. A Maureen ndiwo anakumbukira kuti pa pepala lawo analemba kuti amayi a mwana sapita kuntchito pa Sande. Ndiye tabwera kufunsa. Masiku enawo kabokosi kamagona kuti?"

ANagama anayang'ana Lois. Lois anayang'ana tebulo.

"M'kabati ya madzi otentha," anatero. "M'chitenje."

Wilkins atatanthauzira, Maureen anagwira pakamwa. Dokotala anafunsa funso limodzi lalifupi.

"Akuti chifukwa chiyani?"

"Muwauze kuti ndinu munanena. Munati kamadziwa anthu angati akupuma. Ine dzina langa palibe pa pepala la landilodi. Ndinati ndikapuma, ana anga agona panja."

Wilkins anatanthauzira. Atatero, dokotala anamuyang'ana, iye n'kuweramitsa mutu.

"Ambuya, ine ndinalakwa. Inali nthabwala. Kabokosi kamayeza mpweya, koma sikadziwa dzina la munthu, ndipo manambala ake sapita kwa landilodi."

"Nthabwala mumachita ndi munthu amene ali ndi kwawo, bambo."

Maureen analankhula nthawi yaitali, Lois n'kumatanthauzira. Anati za dzinalo akanafunsidwa tsiku loyamba akanathandiza kulikonza. Anati nayenso analakwa kufunsa mafunso otere munthu amene ankamuona ngati mlendo wofunika kumusangalatsa. M'nyumba zina zisanu ndi imodzi za anthu obwera, anati, mayankho anali omwewo, zonse zili bwino, ndipo iye ankangochonga.

"Uwafunse," anatero aNagama kwa Lois, "ngati anganditsimikizire kuti akalemba kalata yawoyo, landilodi satithamangitsa."

Lois anafunsa. Maureen anapukusa mutu pang'onopang'ono.

"Akuti lamulo silimulola kutithamangitsa chifukwa chodandaula. Koma akuti ena amapeza njira, amati akugulitsa nyumba. Akuti adzatimenyera nkhondo, koma sangalonjeze."

"Ameneyu ndiye wanena zoona. Nanga adokotala akuti chiyani?"

Dokotala anayankha akuyang'ana aNagama, osati Lois.

"Akuti jiki ndi amene anamugwetsa Lolemba, koma chimene chakhala chikumudya miyezi yonseyi si jiki. Akuti Lolemba anatsala pang'ono. Akabwerera m'chipinda chomwecho mmene chililimu, iwo sakudziwa ngati ulendo wina ambulansi idzafike nthawi yake."

"Koma tilibe umboni," anawonjezera Wilkins. "Makoma ndi oyera, zithunzi zanga ndi zoyera, manambala ndi a m'kabati. Akhonsolo safuna nkhani, afuna choona ndi maso."

Tarsizio, amene anali ataima pakhomo la khitchini, analankhula molunjika.

"Amayi, wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko."

ANagama anadzuka, anamanga chitenje mwamphamvu, n'kulowa kuchipinda. Onse anawatsatira. Anaika phewa pa wadirobu n'kukankha. Sinasunthe. Tarsizio anabwera mbali inayo, ndipo awiriwo, mpongozi ndi mkamwini, anaikoka mpaka inalira pansi.

Kuseriko khoma linali lakuda kuchokera pansi mpaka m'mwamba, lochita ubweya, pena lobiriwira, likuchucha madzi. Thabwa la kumbuyo kwa wadirobu linali litafufuma. Fungo lake linali la nkhokwe yovunda. Dokotala anabwerera m'mbuyo n'kuphimba mphuno. ANagama sanalekere pomwepo. Anatembenuza matiresi a Tisungane, kunsi kwake kunali mawanga okhaokha. Anachotsa kalendala ya ku parishi. Anatsegula sutikesi yawo n'kutulutsa nsapato za kutchalitchi zitamera chuku.

"Jambulani," anatero. "Apa ndinapala Lachinayi lija, panabwerera patatha masiku asanu ndi anayi. Apa pamayamba mvula ikawomba kuchokera kumsewu. Apa pamanyowa ngakhale kuli dzuwa, ndiye ndimaganiza kuti muli paipi. Muzilemba, inu a mapepala."

Wilkins anaika chida chake choyezera chinyontho pakhoma pamene analozapo, chinalira. "Paipi ilipo zoona," anatero. "Ambuya, mukanakhala mu timu yathu kuyambira poyamba, sembe tinatsiriza kale."

"Ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri. Inu munali atatu, koma munafunsa kabokosi."

Kalata inalembedwa imodzi, yosainidwa ndi onse atatu. Tisungane atatuluka m'chipatala anayamba kugona pabalaza ndi agogo ake, chipinda chija chitatsekedwa, pansi pa chitseko ataikapo thawulo. Kutsokomola kunachepa. Patatha sabata ndi theka anabwera woyendera nyumba wa ku khonsolo, anajambula, n'kulamula kuti landilodi akonze.

Landilodi sanabwere, ndipo sanaimbe foni. Kunangobwera envelopu yoyera. Lois anaiwerenga ataimirira, kenako anakhala pansi.

"Akuti akugulitsa nyumbayi. Watipatsa mpaka kumapeto kwa Juni."

Onse anayang'ana aNagama, kudikira mawu aja akuti si ndinanena. Iwo ankasenda anyezi.

"Walira mvula walira matope," anatero osakweza mutu. "Muimbireni mayi wa malamulo uja."

Maureen anati akasuma, ndipo mlanduwo ukhoza kuwagulira miyezi ingapo, koma ayambiretu kufunafuna. Lois anayamba kutumiza mauthenga pa nyumba iliyonse yotuluka pa foni. Mwa makumi atatu anayankha awiri. Imodzi inali kutali ndi basi. Inayo inali ku Clondalkin komweko, yoonetsa Loweruka eleveni koloko.

Anapita Lois ndi aNagama. Anafika teni koloko koma anapeza anthu khumi ndi awiri ali kale pamzere, aliyense atakumbatira mapepala ake. Pofika nthawi mzere unali utafika pa geti ya nyumba yachitatu. Kunkawaza kamvula. Ankalowetsa awiriawiri.

Nyumbayo inali yapansi, ya zipinda ziwiri, yowala. Makoma anali oyera mbee, utoto wake watsopano. Mnyamata wa suti amene ankaonetsa anaona baji ya kuntchito ya Lois, anamwetulira, nati eni ake amakonda anthu osamalira odwala chifukwa ntchito yawo siitha. Anamupatsa fomu, chinthu chimene sanapatse awiri amene anatuluka patsogolo pawo.

"Amayi, mwaona?" ananong'ona Lois. "Pafupi ndi sukulu ya Tisu. Pali ndi kabwalo kumbuyo."

ANagama anaima pakati pa chipinda chaching'onocho n'kukoka mpweya ndi mphuno. Mawindo onse anali otsegula ngakhale kunkazizira, ndipo pawindo panali kandulo wonunkhira. Anapita pakona ya kumsewu, anagwada movutikira, n'kuika chikhatho pakhoma, m'munsi. Anachisiya pamenepo. Kenako anakanda ndi chikhadabo. Utotowo unamatuka ngati khungu la pa mkaka, ndipo kunsi kwake kunali kwakuda.

"Apaka dzana," anatero. "Pofika mwezi wamawa chibwerera."

"Amayi, mwina n'chakale. Mwina anakonza."

"Gwira."

Lois anagwira. Khomalo linali lozizira, lonyowa ngati mtsuko.

"Ndiye tipita kuti? Juni ali pafupi. Mukufuna tikakhale ku hotela ngati a Ambrosio? Si inu munkati denga likapita silibwerera?"

"Ndinkatero."

"Nanga lero?"

"Lero ndikuti ntchito imeneyi ndimaidziwa, ndinaigwirapo ndi manja angawa. Tisu sagona muno."

Lois anayang'ana fomuyo, anayang'ana kabwalo ka kumbuyo kudzera pawindo. Mnyamata wa suti anayang'ana wotchi yake. Lois anapinda fomuyo pakati, kenako anaitambasulanso, n'kuibweza m'manja mwake. Mnyamatayo sanafunse chifukwa. Anali atakodola kale otsatira.

Wotsatira pamzere anali mtsikana wachizungu, wowonda, ali ndi khanda pachifuwa m'kansalu konyamulira. ANagama podutsa anamugwira mkono wa jekete. Chizungu analibe. Analoza m'nyumbamo, analoza khandalo, anadziguguda pachifuwa n'kutsokomola kawiri, kenako anapukusa mutu mwamphamvu.

"Lois, umuuze. Umuuze za khomalo."

Lois anamuuza. Mtsikanayo anamvetsera mpaka kumapeto, akugwedeza mutu. Anayankha mawu ochepa, anakonza kachipewa ka mwana wake, n'kulowa.

"Wati chiyani?"

"Wati zikomo. Akuti panopa akugona m'galimoto."